Mwana wa mmphawi asamayambire sukulu pa Sitandade 1

Ndinaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka zambiri m'sukulu za m'mphepete mwa nyanja m'boma lino la Salima, ndipo chimene sichichoka m'mutu mwanga pa ntchito imeneyo ndi sabata yoyamba ya chaka cha maphunziro, pamene makolo amabwera atagwira ana awo padzanja kudzawalembetsa. Pofika Lachitatu la sabata imeneyo ndinkakhala nditadziwa kale, osafunsa munthu, kuti ndi ana ati amene anadzera ku sukulu ya mkombaphala ndiponso ndi ati amene akuchokera pakhomo. Wodzera ku mkombaphala amakhala pansi ukamuuza kuti akhale, amatchula dzina lake ndi la mudzi wake mosachita manyazi, amadziwa kudikira mnzake kuti athe kulankhula, ndipo akafuna kukataya madzi amaimika dzanja n'kupempha. Wochokera pakhomo amafumbatira pensulo monga mmene amayi ake amagwirira mthiko, buku amaligwira mozondotsa, ukamufunsa dzina amayang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala, ndipo belu la nthawi yopuma likalira amathawira kwawo osabweranso tsiku limenelo.

Ana awiriwa sasiyana nzeru zobadwa nazo. Ndikunena zimenezi motsindika chifukwa ndamva kambirimbiri aphunzitsi anzanga, ngakhale makolo enieniwo, akunena kuti mwana wakutiwakuti ndi wouma mutu, pamene vuto lake ndi lakuti wakumana ndi choko, bolodi, mzere ndi lamulo la m'kalasi kwa nthawi yoyamba tsiku limene anzake akhala akuzidziwa kwa zaka ziwiri. M'kalasi mwanga munkakhala ana oposa 100, pomwe boma lenilenilo limanena kuti mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana 60, kotero kuti ngakhale ndikanafuna chotani, sindikanatha kugwada pambali pa mwana aliyense n'kumugwira dzanja kuti alembe chilembo chake choyamba. Amene amamva msanga ndinkapita nawo patsogolo, ndipo otsala ankatsala. Chaka chikatha ankabwereza, ena kawiri, ndipo akafika Sitandade 3 kapena 4 ali aakulu msinkhu pakati pa tiana tating'ono, manyazi ankawagwira. Anyamata ankapita kudoko kukathandiza kukoka makoka, atsikana ankakhala pakhomo kudikira chimene tonse tikuchidziwa. Ena mwa iwo ndimakumana nawo lero pamsika wa Kamuzu Road, amandipatsa moni mwaulemu wonse, ndipo mtima wanga umandiuza kuti njira yawo inapatuka sabata yoyamba ija.

Choncho maganizo anga ndi akuti kwa banja losauka, sukulu ya mmera mpoyamba si chinthu choonjezera chimene tingadzachiganizire dziko likadzalemera. Ndi pamene pali mwayi wotsika mtengo kwambiri woti mwana wa msodzi wopanda bwato lakelake ayambe ulendo wa sukulu pamzere umodzi ndi mwana wa munthu wapantchito. Komanso ndikuti mwayi umenewu tikuutaya, chifukwa sukulu zimenezi tazisiya m'manja mwa amayi osauka omwewo kuti aziyendetse popanda malipiro, popanda maphunziro okwanira, ndipo miyezi ina popanda ngakhale ufa wa phala.

Tiyambe ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani mwana wa mmphawi ndiye amene amapindula kwambiri. Mwana wa kalaliki kapena wa mwini golosale pa boma amakulira m'nyumba momwe muli kalendala pakhoma, wailesi, mabuku a akulu ake, ndi munthu amene ali ndi mpata womuyankha akafunsa kuti ichi n'chiyani. Akapanda kupita ku nazale, pakhomo pomwepo pamamuphunzitsa zambiri. Koma taonani tsiku la mayi wogulitsa usipa ku Senga Bay kapena ku Chipoka. Amadzuka kusanache kupita kudoko kukadikira asodzi amene anagona pamadzi, amalimbana ndi anzake pamtengo, amanyamula beseni kupita nalo ku thandala, amayanika, amatembenuza, amapirikitsa akhwangwala, ndipo dzuwa likapendeka akuganiza za nkhuni, madzi ndi ndiwo. Nyengo ya dzinja ali kuganyu m'munda wa mwini, kapena ali m'matope kuwokera mpunga ku Lifuwu. Mayi ameneyu mwana wake amamukonda monga mmene mayi aliyense amakondera wake, koma mawu amene angalankhule naye pa tsiku ndi owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo ndi akuti "choka apo", "usagwire" ndi "gona". Umphawi umalanda kholo nthawi ndi mphamvu zocheza ndi mwana, ndipo kucheza kumeneko ndiko chakudya cha ubongo wa mwana wamng'ono.

Pamwamba pa zimenezi pali njala yeniyeni ya m'mimba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira, ndipo ngakhale chiwerengerochi chinali chitatsika kuchoka pa 47 mu 2010, chikutanthauzabe kuti pa ana atatu alionse amene mukuwaona akusewera pabwalo, mmodzi thupi lake silinakule mmene linayenera kukulira. Kupinimbira sikuthera pa msinkhu. Kumakhudza ubongo pa nthawi imene ukukula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse ya moyo wa munthu, ndipo n'chifukwa chake alangizi a zaumoyo ku sikelo amangobwereza za masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. M'dziko limene kafukufuku wa 2019 mpaka 2020 anaonetsa kuti theka la anthu ake ndi osauka, ana amene akusowa zonse ziwiri, chakudya cha thupi ndi chakudya cha maganizo, si ochepa ayi, ndipo ambiri ali m'midzi ngati yathuyi.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndimafuna kuti phungu aliyense ndi khansala aliyense amumve, chifukwa anachitika pakati pa anthu osauka ndipo zipangizo zake zinali zoti ngakhale ife tingazipeze. Mu 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston ku Jamaica, gulu la akatswiri limene munali Sally Grantham-McGregor linasankha ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 ochokera m'mabanja ovutika. Mabanja ena ankayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo kamodzi pa sabata, ola limodzi lokha, kwa zaka ziwiri, ndipo ntchito ya mlangiziyo inali kuonetsa mayi mmene angasewerere ndi mwana wake, kumulankhula, kumutchulira mayina a zinthu ndi kumuyamikira akachita bwino, pogwiritsa ntchito zidole zopangidwa ndi zinthu zotayidwa pakhomo. Patapita zaka 20 anawafunafuna ana aja ali akuluakulu, ndipo anapeza kuti amene anayenderedwa ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 kuposa anzawo amene sanayenderedwe, moti anali atafanana ndi ana amene sanapinimbirepo. Chochititsa chidwi n'chakuti ana amene ankangolandira mkaka wokha, popanda masewera ndi kucheza kuja, sanaonetse phindu lotere atakula.

Ku America nako kuli nkhani yodziwika ya sukulu ya Perry, m'tawuni ya Ypsilanti m'chigawo cha Michigan, imene inayamba mu 1962 ndi ana a zaka zitatu ndi zinayi a m'mabanja osauka a anthu akuda. Pa ana 123, ena analowa sukuluyo ndipo ena sanalowe, ndipo onse anatsatiridwa mpaka atafika zaka 40. Amene analowa anamaliza sekondale ambiri, ankalandira ndalama zochulukirapo, ndipo omangidwa ndi apolisi anali ochepa poyerekeza ndi anzawo. James Heckman, katswiri wa zachuma amene analandira mphotho ya Nobel mu 2000, atawerengetsa anapeza kuti ndalama imene inalowa m'sukuluyo inkabweza phindu la pakati pa 7 ndi 10 pa 100 chaka chilichonse. Koma tisathamangire kuwomba m'manja tisanaone mmene sukuluyo inalili: aphunzitsi ake anali ophunzitsidwa bwino ndiponso olipidwa, aliyense ankayang'anira ana owerengeka chabe, ndipo sabata iliyonse ankapita kukacheza ndi makolo kunyumba. Amene amatchula Perry pofuna kutitsimikizira kuti chisakasa chilichonse chosonkhanitsira ana chidzabala zipatso zomwezo sakutiuza zoona zonse.

Tibwere kwathu kuno. Sukulu za mkombaphala, zimene m'mapepala a boma zimatchedwa CBCC, ndi za anthu a m'mudzi eniake. Mfumu imapereka malo, makolo amaumba njerwa kapena kumanga chisakasa cha udzu, amasankha komiti, amasonkha chimanga, ndipo pakati pawo amasankha alezi. Boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya mmera mpoyamba mu 2003, ndipo ntchitoyi ili pansi pa unduna woona za chisamaliro cha anthu, kudzera ku ofesi yake pa khonsolo. Ine imene ndimaidziwa bwino ndi ya m'mudzi wa kwathu, kumene mlezi wamkulu ndi mlamu wanga. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, ndinakhala pampando kumbuyo n'kumaonerera. Anawo anali atakhala pamkeka wong'ambika, ena atavala majuzi a akulu awo ofika m'maondo. Mlamu wanga anakhuthula pansi thumba la zitsekerero za mabotolo, nthanga za bwemba ndi zigoba za nkhono za kunyanja, n'kuwauza kuti asiyanitse, izi uku izi uko, kenako awerenge mulu uliwonse. Kamtsikana kena ka zaka zinayi kanasanja zigoba zake kuyambira chaching'ono kufikira chachikulu popanda wokauza, n'kuyang'ana mlezi ndi maso odikira. Iye anagwada, nakafunsa kuti, "Nanga ichi wachiikiranji kumapeto, mwanangu?" Kamwanako kanayankha kuti, "Ndi amayi ake a tinzaketi." Pamenepo ine mphunzitsi ndinaona masamu, chinenero ndi kulimba mtima zikumera nthawi imodzi, pamtengo wa zigoba zotola pamchenga.

Itakwana nthawi ya phala, ana anafola kupita pa mpondagiya kukasamba m'manja, aliyense natenga kapu yake, ndipo amayi awiri amene linali tsiku lawo lophika anagawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Dzina lakuti mkombaphala anthu ena amalitchula monyoza, ngati kuti anawo amangopitira kudya, koma ine sindiona chochititsa manyazi pa phala limenelo. Kwa ana ambiri a m'mudzimo ndicho chakudya choyamba cha tsiku, ndipo miyezi ina ndicho chodalirika chokha kufikira madzulo. Ku Zomba, bungwe la Save the Children pamodzi ndi akatswiri a IFPRI, bungwe lofufuza za chakudya, anachita kafukufuku m'sukulu za mkombaphala 60 kuyambira mu 2015, pomwe makolo anapatsidwa mbewu ndi kuphunzitsidwa kulima komanso kuphika zakudya za magulu osiyanasiyana kudzera pa sukuluzo. Chakudya cha ana chinasintha, ndipo chodabwitsa n'chakuti kupinimbira kunachepa pakati pa ang'ono awo amene anali asanayambe n'komwe kupita kusukuluko, chifukwa chimene mayi waphunzira pophika phala la gulu amakachitanso pa mafuwa a kunyumba kwake.

Phindu lina limene silitchulidwa kawirikawiri limagwera mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi. Mayi akapita kudoko kapena kuganyu, mwana wamng'ono sasiyidwa yekha, amasiyidwa kumsana kwa mkulu wake, ndipo mkulu wakeyo nthawi zambiri ndi mtsikana amene anayenera kukhala m'kalasi. M'kaundula wa sukulu iliyonse ya kumudzi mumaoneka mayina a atsikana amene amajomba masiku a msika ndi nyengo yopalira, ndipo ukawafunsa yankho limakhala limodzi, lakuti ndimalera mwana. Pamene pali mkombaphala yotsegula tsiku ndi tsiku, mtsikanayo amasiya mng'ono wake kwa alezi n'kupitirira kusukulu, mayi amagwira ntchito yake mtima uli m'malo, ndipo kamwanako kamakhala kutali ndi moto, chitsime ndi madzi a m'nyanja, amene ife a kuno tikudziwa zimene amachita ndi ana osayang'aniridwa. Mlezi amathanso kuzindikira msanga mwana amene sakumva bwino, amene akuchedwa kulankhula kapena amene tsitsi layamba kufiira, n'kuuza makolo kuti apite naye kusikelo vuto lisanakule. Ndipo m'midzi yathu ina, momwe mwana amakula akulankhula Chiyao pakhomo, mkombaphala ndiyo imamuzoloweretsa Chichewa pang'onopang'ono, kudzera m'nyimbo ndi nthano, asanakumane nacho pabolodi.

Tsono pali zimene anthu amanena potsutsa, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Akuluakulu ena amati ife tinakula popanda zimenezi, agogo ndiwo ankatilera, kutiuza nthano ndi zirapi madzulo pamoto, ndipo tinakhala anthu. Zoona, ndipo nthano ndi zirapi zimenezo zinali mmera mpoyamba weniweni, woposa zambiri zimene zikuchitika m'manazale ena lero. Koma agogo a lero nawonso ali kuganyu, ambiri akulera okha zidzukulu zamasiye kapena za ana awo amene anapita ku Johannesburg, ndipo madzulo amafika atatopa. Komanso mwana wa lero akuyembekezeka kudziwa kuwerenga akadali m'makalasi oyambirira, chinthu chimene agogo ambiri sanapatsidwe mwayi wochidziwa. Mkombaphala yabwino sichotsa agogo pamalo pawo. Imawaitana kuti adzakambe nthano kwa ana makumi atatu m'malo mwa awiri, ndipo kumene ndaona izi zikuchitika, anawo amakhala chete kuposa mmene ankakhalira m'kalasi mwanga.

Ena amati boma likulephera kale kusamala pulayimale, ana akuphunzirira pansi pa mitengo, ndiye lisenzerenji katundu wina. Yankho langa ndi lakuti katundu ameneyu boma likumusenza kale, koma likumusenzera pamalo polakwika. Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana oposa miliyoni imodzi anawonjezereka m'sukulu nthawi imodzi, Sitandade 1 yakhala kalasi yodzaza kuposa zonse, ndipo mbali ina ya kudzazako ndi ana obwereza komanso tiana tosakwana zaka zisanu ndi chimodzi timene makolo amatinamizira zaka chifukwa alibe kwina kotisiya. Mwana aliyense wobwereza amalipiridwa kawiri malo, buku ndi nthawi ya mphunzitsi pa kalasi imodzi. Ndalama imene tikukana kuika pa mwana wa zaka zinayi tikuilipira ndithu pa mwana yemweyo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pa nthawiyo imagula zochepa.

Kutsutsa kwamphamvu kwambiri kukuchokera m'kafukufuku wa m'dziko mwathu momwe muno, ndipo sindikubisa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, boma ndi World Bank anayesa njira zingapo zotukulira sukulu za mkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Kumene anangophunzitsa alezi okha, kaphunzitsidwe kanasintha koma ana sanaonetse kusiyana kwenikweni. Kumene anaphunzitsa alezi ndiponso kusonkhanitsa makolo m'magulu kuti aphunzire kusewera ndi kucheza ndi ana awo kunyumba, ana anapita patsogolo pa chinenero ndi pa kakhalidwe ndi anzawo patatha miyezi 18. Koma atawayesanso patatha miyezi 36, kusiyana kuja kunali kutazimirira. Munthu angawerenge zimenezi n'kunena kuti basi, ntchito yonseyi ndi yachabe. Ine ndimaziwerenga mwina. Choyamba, zikugwirizana ndi za ku Jamaica ndi za ku Perry posonyeza kuti popanda kholo palibe chimene chimayenda. Chachiwiri, thandizo la kanthawi kochepa silingapirire mwana akakalowa m'kalasi ya ana 100 mopanda buku, monga mbande yabwino imafota ukaiwokera pouma. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti ntchitoyi iyenera kukhala yabwino, yokhalitsa, ndiponso yolumikizana ndi makalasi oyambirira a pulayimale. Ofufuza omwewo, poyendera sukulu zimene zinali m'kaundula asanayambe ntchito yawo, anapeza kuti pafupifupi theka zinali zosatsegula, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali kusowa kwa chakudya. Sukulu yotseka singapindulitse mwana, ngakhale ndondomeko yake italembedwa bwino chotani.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mlamu wanga wagwira ntchitoyi zaka zambiri, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu, masiku asanu pa sabata, ndipo maphunziro amene analandira ndi a masabata awiri okha, kalekale. Anzake amene anaphunzira nawo limodzi ambiri anasiya, wina anakwatiwa kutali, wina anayamba geni ya tomato, ndipo olowa m'malo mwawo sanaphunzitsidwepo. Nditamufunsa kuti n'chifukwa chiyani iye sanasiye, anandiyankha kuti, "Alamu, ndikasiya ine anawa apita kuti? Koma kunena zoona, Januwale akafika ndimayamba ndaganiza za m'nyumba mwanga, chifukwa ana anga sangadye kuthokoza kwa anthu." Palibe amene angamudzudzule. Mlonda wa pa golosale amalandira kanthu pakutha pa mwezi, wodula matikiti pamsika amalandira kanthu, koma munthu amene tamupatsa ubongo wa ana makumi anayi pa zaka zimene ubongowo ukuumbika timamutcha wongodzipereka n'kumuwombera m'manja pa misonkhano. M'zaka zapitazi boma linayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena, ndipo chimenecho ndi chiyambi choyenera kuchiyamikira, koma ofikiridwa ndi ochepa poyerekeza ndi unyinji wa amene akugwira ntchitoyi. Kudzipereka ndi khalidwe labwino, koma dziko likamanga maziko a maphunziro ake pa kudzipereka kwa amayi osauka, ndiye kuti lasankha kuti osauka azidzilipirira okha chimene olemera amagula ndi ndalama zawo m'tawuni.

Ndipo taonani mmene chaka chimayendera. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, nkhokwe zikadali ndi kanthu, makolo amasonkha ndipo phala limapsa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene chimanga chatha m'nyumba ndipo mtengo wake pamsika wakwera, pamene malungo ndi kutsegula m'mimba zachuluka, pamene mayi aliyense ali kumunda ndipo mwana akusowa womuyang'anira kuposa nthawi ina iliyonse, ndi pamene mkombaphala imatseka, chifukwa phala palibe, chisakasa chikudontha ndipo mlezi ali kuganyu. Sukulu imene inakhazikitsidwira mwana wosauka imamutsekera chitseko mwezi umene akuifunitsitsa.

Sindikhulupirira kuti anthu a ku Salima sadziwa kudikira phindu la mtsogolo. Kwa Makanjira, mafumu ndi asodzi akhala akutseka chilumba cha Mbenje nyengo ya mvula chaka ndi chaka kwa zaka makumi ambiri, kuti nsomba ziswane ndi kukula, ndipo amachita zimenezi pa miyezi yomwe njala imaluma, chifukwa akudziwa kuti wopha tiana ta nsomba lero adzakoka khoka lopanda kanthu mawa. Mwambo umenewu umatheka chifukwa uli ndi mwini, uli ndi lamulo, ndipo wophwanya amadziwa chomuchitikira. Mkombaphala nayo ikufuna mwini wotero. Nyakwawa imene imatha kuitanitsa anthu ku ntchito ya msewu ingathenso kupatula munda wa sukulu, kuonetsetsa kuti walimidwa chimanga, soya ndi mtedza, ndi kusunga matumba ena osakhudzidwa mpaka Januwale. Magulu a banki mkhonde, amene amagawana ndalama kumapeto kwa chaka, angathe kupatula kagawo ka phala la miyezi yovuta. Abambo nawonso, amene pa misonkhano ya mkombaphala saoneka ngati kuti ana ndi a amayi okha, akufunika kufolera denga mvula isanagwe ndi kukumba chimbudzi choyenera msinkhu wa mwana.

Makolo ndiwapemphenso chinthu chimodzi. Ambiri amayesa ubwino wa sukulu pomva mwana akuloweza mawu a Chingerezi amene sakuwamvetsa, ndipo alezi, pofuna kusangalatsa makolo, amaimika tiana ta zaka zitatu pamzere n'kumatibwerezetsa mawu mpaka titatopa. Mwana amene amatha kufotokoza nthano yonse m'chinenero chake, kufunsa mafunso, kuumba ng'ombe yadongo n'kunena kuti ili ndi miyendo ingati, ndiye wokonzeka kuphunzira kuwerenga, ndipo Chingerezicho adzachigwira bwino nthawi yake ikakwana. Mukabwerera kuchokera kumunda, mufunseni chimene wachita lero, mumvetsereni mpaka amalize, ndipo mukamasankha usipa kapena kusola mtedza muloleni awerenge nanu.

Koma mudzi uli ndi malire a zimene ungathe, ndipo si chilungamo kuuza anthu amene akugona ndi njala kuti adzithandize okha pa chilichonse. Udindo waukulu ndi wa boma. Dziko lino linavomereza pamodzi ndi mayiko ena cholinga chakuti pofika 2030 mwana aliyense azipeza chisamaliro ndi maphunziro abwino asanayambe pulayimale, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amakamba za kutukula luso la anthu. Mawu amenewa ayenera kuoneka mu bajeti. Mlezi aliyense wophunzitsidwa alandire malipiro okhazikika mwezi ndi mwezi, ofika pa nthawi yake, kuti maphunziro amene boma lamupatsa asapite naye ku geni ya tomato. Maphunzirowo asakhale a masabata awiri kamodzi pa moyo, koma azibwerezedwa, ndipo pakhale mlangizi woyendera sukulu iliyonse amene ali ndi njinga yoyendera. Chakudya cha miyezi ya njala chiikidwe pa ndondomeko yomweyo imene imagawa chimanga kwa mabanja ovutika, kuti thumba lina lizifikira pa mkombaphala. Mabanja amene ali pa Mtukula Pakhomo, amene ndi osaukitsitsa m'mudzi, alimbikitsidwe kuti ana awo aang'ono asamatsale. Ndipo mphunzitsi wa Sitandade 1 azidziwana ndi alezi a midzi yozungulira sukulu yake, kuti mwana akamawoloka kuchoka pamkeka kupita pa desiki, pakhale womulandira amene akudziwa kumene wachokera.

Ku khonsolo yathu ndikupempha chinthu chimene sichifuna kudikira Lilongwe. Boma la Salima linali ndi anthu oposa 470,000 pa kalembera wa 2018, ndipo gawo lalikulu la anthu amenewa ndi ana. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera akamasanja zofuna zawo, ndipo ndalama za chitukuko cha m'madera zikamagawidwa, mkombaphala imakhala kumapeto kwa mndandanda, pambuyo pa mlatho, msika ndi bwalo la mpira, mwina chifukwa ana a zaka zinayi savota ndipo alezi alibe bungwe lowalankhulira mokweza. Chipinda chimodzi cha njerwa zootcha chokhala ndi malata, chimbudzi ndi mjigo pafupi si chinthu chodula poyerekeza ndi zambiri zimene ndalama zimenezi zimagula. Chisakasa cha kwathu chija chinagwa ndi mphepo ya mvula yoyamba chaka chathachi, ndipo ana anakhala pakhomo mpaka udzu watsopano utauma. Komiti yaumba kale njerwa, zili pa uvuni kuseri kwa tchalitchi, ndipo kalata yopempha malata ndi simenti inapita kudzera kwa agulupu. Mlamu wanga akuti mvula ikayamba denga lisanapezeke, ana ochepa amene angakwane adzawasonkhanitsira pakhonde la nyumba yake, ndipo otsalawo adzawauza kuti adikire mpaka Epulo.